Mpweya wa Kutsidya

Ku Mongue aliyense ankawadziwa matenda a Florentino, ndipo sanali a m'thupi ayi, anali a pakamwa. Mukadandaula za mtengo wa nandolo, iye amvekere, "Ku Malawi sangatero." Msewu ukakumbika ndi mvula, "Ku Malawi bwenzi atakonza kalekale." Anakulira kumeneko, kumsasa wa othawa nkhondo, zaka zija galimoto zinkabwera ndi ufa, nyemba ndi mankhwala aulere. Anabwerera kwawo nkhondo itatha, ndevu zikuyamba kumera, koma mtima anausiya pamzere wolandirira ufa. Anzake ankangomuseka. Mungakangane naye bwanji munthu amene bambo ake anachira chifuwa chachikulu ali m'tenti?

Chaka cha korona, mvula ili pakati, mkazi wake Benvinda anayamba kubanika. Florentino anamukweza panjinga mpaka kuchipatala cha ku vila, kutauni ya Milange, kumene anapeza kuti mabotolo a okosijeni atha ndipo galimoto yokatenga ena sinabwerere. Panatsala makina amodzi opanga mpweya, koma owafuna anali awiri: Benvinda ndi gogo wina, Dona Odete. Namwino Célia anachita zomwe akanatha. Uyu apumeko, kenako achotse kapaipi m'mphuno mwake, apukute, akaike kwa winayo.

Achibale sankaloledwa kulowa, choncho Florentino ankaonerera pawindo. Kapaipi kakakhala kwa Benvinda, milomo yake inkabwerera mwakale, mwinanso n'kumwetulira pomuona. Kakachoka, chifuwa chinkayamba kulira ngati pampu ya njinga yakutha, mapewa kukwera ndi kutsika, zala zitakanirira pachitsulo cha bedi. Florentino, munthu wa m'kwaya ya tchalitchi, anayamba kumuyang'ana gogo uja ndi diso loipa, mumtima akufunsa kuti nkhalamba yotere ikulimbiranji. Zinamuchititsa manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Tsiku lina m'mawa anamutchingira namwino pakhomo.

"Enfermeyira, kodi mpweya umagawidwa ngati ndiwo?"

"Papa, tikudikira galimoto. Pasiyensiya, pirirani."

"Pasiyensiya yanuyo ndi imene apume akazi anga? Ndikuwatenga. Kutsidyaku wodwala aliyense ali ndi botolo lake."

"Mwaziona liti zimenezo?"

"Ndinakhalako ine. Inu musanabadwe."

Célia anatsitsa mawu. "Papa, chonde. Theka akupezali ndi limene likuwasunga. Mukachoka nawo sindingathe kusunga malo. Akabwera wina ndimuikapo."

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Koma kamuuzeni zimenezo munthu amene wachezera pawindo masiku angapo akumva chifuwa cha mkazi wake chikulira. Florentino anakankha chitseko n'kulowa.

"Bambo a Lino," anatero Benvinda, mawu akuduka, "kunotu... ndikupumako pang'ono."

"Pang'ono si kupuma, amake Lino. Ndinakunamizanipo ine?"

Sanamunamizepo. Zaka zonsezi Benvinda ankamukhulupirira pa mbewu yodzala, pa sukulu ya ana, pa chilichonse, ndipo nthawi zambiri zinkayenda. Anayang'ana makina, anayang'ana mwamuna wake, kenako anangofunsa kumene kunali mpango wake wakumutu.

Florentino anamukhazika pakaliyala, namumanga ndi chitenje kumsana kwake kuti asagwe. Pachipata cha m'malire ankafuna mapepala a korona amene iye analibe, motero anakhotera kanjira ka m'minda kolowera podutsira ogulitsa chimanga. Mtsinje wa Muloza unali utadzaza. Amuna owolotsa katundu anasenza njinga, iye anabereka mkazi wake, madzi akufika m'chifuwa. Atangoponda tsidya linalo n'kuona minda ya tiyi, mtima wake unayamba kukhala m'malo.

Pachipatala chimene anafikira, anthu anali atagona pakhonde, ena pansi pa mitengo. Koma maso a Florentino anathamangira kukhoma, kumene mabotolo aatali anali ataima mondondozana.

"Mwaona, amake Lino? Taonani mabotolo! Sindinanene?"

Dokotala wina, maso ali psuu ndi tulo, anamumva. Anapita pabotolo limodzi n'kulitsegula. Silinatulutse ngakhale kaphokoso.

"Onsewa mulibe kanthu, bambo. Kuchipatala chachikulu nakonso anthu akudikira chimodzimodzi. Mwachokera kuti?"

"Ku Milange."

"Kumeneko kulibiretu?"

"Makina alipo amodzi. Amasinthana anthu awiri."

"Ndiye mayiwa anali pomwepo? Mwawachotsapo?"

Dokotalayo sanakalipe, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Anagwira dzanja la Benvinda, nayang'ana zikhadabo zimene zinali zitada, kenako anati, "Bwererani nawo msanga. Musaime paliponse."

Florentino anafuna kufotokoza za tenti ija, za bambo ake, za galimoto zamankhwala, koma dokotala anali atatembenukira kale kwa wodwala wina. Anamva mantha amene sanawamvepo chiyambire, ngakhale usiku umene ankathawa nkhondo.

Powoloka kachiwiri Benvinda anali atalemera. Atafika pamchenga anayandikitsa pakamwa pake kukhutu la mwamuna wake. Akanamunyoza, bwenzi zitapepukako.

"Musadandaule, bambo a Lino. Munkafuna zabwino."

Florentino anamanganso chitenje chonyowacho n'kuyamba kupalasa. Matope ankagwira mateyala, tcheni chinkadumpha, koma iye ankangolankhula. Ankati akafika akamugwadira namwino uja pamaso pa anthu onse. Ankati Dona Odete akamugulira shuga ndi sopo. Ankati nandolo akacha, ndalama yake agulira malata a kukhitchini amene analonjeza kalekale. Kumbuyo kwa khutu lake chifuwa chija chinkalirabe, ndipo tsopano ankachimvetsera ngati nyimbo.

Pachitunda cholowera mu vila, kulira kuja kunayamba kuchepa. Kenako kunaleka. Mutu wa Benvinda unatsamira pakati pa mapewa ake.

"Eya, gonaniko pang'ono. Tafika kale."

Mtima unamuuza zoona, iye anaukaniza, napalasa mwamphamvu kuposa kale. Anthu a m'mbali mwa msewu ankasiya zochita n'kumayang'ana, amayi ena akugwira pakamwa, koma iye maso anali kutsogolo basi.

Célia anawaona akulowa pageti ndipo anatuluka chothamanga.

"Papa, fulumirani! Dona Odete atisiya masanawa, ndipo palibe wina wabwera. Makina angokhala. Tsopano ndi a mayiwa okha!"

Anafika panjinga, nagwira Benvinda pakhosi kuti amve kugunda kwa mtima. Dzanja lake linakhala pomwepo nthawi yaitali. Kenako anaweramira pamfundo ya chitenje, osayang'ana Florentino kumaso.

Florentino anali chiimire, phazi limodzi pansi, lina papedulo, manja atagwirabe mahandulo.

"Mwati ndi awo okha, enfermeyira?"

"Ndi awo okha, papa."

"Osasinthana ndi munthu?"

"Osasinthana."

"Ndiye kawaikeniko," anatero. "Ngakhale pang'ono chabe. Amveko mmene zimakhalira kupuma osadikira mnzako."

Célia anapitiriza kulimbana ndi mfundo ija, imene inali italimba ndi madzi a mumtsinje.