Mtsikana wa Pansi pa Penti

Bambo anga anajambula Mayi kamodzi kokha, koma chithunzicho sanachimalize mpaka ukalamba. Anachiyamba ali pachibwenzi, pa thabwa lomwe linatsala atalemba chikwangwani cha golosale. Chinkakhala m'kachipinda kawo kogwiriramo ntchito, pakati pa zitini za penti ndi maburashi ouma.

Vuto la Bambo linali losafuna kuona chithunzi chikutsalira m'mbuyo. Mayi akangomera imvi, iwo burashi ili kale m'manja. Dzino litaguluka, nawonso anakaligulula pathabwapo. Makwinya ankalowa limodzilimodzi, penti pamwamba pa penti inzake.

"Amuna anzanu amakongoletsa akazi awo, inu mukundikalambitsa kawiri," Mayi ankatero.

"Nanga ndikunamize? Chithunzi chizifanana ndi mwini wake."

Ana tonse tinkangofa nazo nseko, osadziwa kuti tikuseka chiyani.

Chaka chatha Mayi anadwala mpaka kulephera kudzuka. Tsiku lina masana Bambo anawapititsira chithunzicho kuchipinda, ati akasangalale. Mayi anangochiponyera diso n'kutembenukira kukhoma.

"Gogo ameneyu ndikumudziwa, timakumana pagalasi. Ine ndikufuna mtsikana uja munayamba kujambula. Ndaiwala mmene ankaonekera."

Chithunzi cha kamera cha masiku amenewo panalibe ngakhale chimodzi.

"Alipo, ali pansipa," anatero Bambo. "Ndimutulutsa."

Anakhala pakhonde ndi kampeni kawo kopalira, ine nditawagwirira thabwa. Anapala pang'onopang'ono, mpaka patsaya panaoneka khungu losalala, lowala, kamalo kochepa ngati chikhadabo. Koma penti ya zaka zonsezo inali itagwirana. Atangokankha mpeni, chibenthu chonse chinagamphuka n'kusiya thabwa lokhalokha. Anayesa pamphumi, zomwezo. Mtsikana ndi gogo ankayoyokera limodzi pasimenti.

Ndinawapsera mtima, kunena zoona, koma nditawayang'ana chisoni chinandigwira.

"Ingojambulani china, Bambo. Si mukuwakumbukira mmene analili?"

Anatenga thabwa latsopano, anaviika burashi, koma sanalikhudze thabwalo mpaka penti ya paburashi inayamba kuuma. Kenako anaika burashiyo pansi.

"Mwanawe, nanenso mtsikana uja sakundibwerera m'maganizo. Zaka zonsezi ndinkangoyang'ana chimene chasintha."

Kuchipinda kunamveka kutsokomola, kenako mawu otopa a Mayi.

"Mwamupeza?"

Bambo anandiyang'ana kuti ndiyankhe ine.