Mapewa a Teresa

Idah anafika ku Bangwe ndi chikwama chopanda kanthu, ndipo Teresa atangochiona anadziwa kuti mlamu wakeyo wabwera kudzalongedza zovala za mwana. Ku Nsanje, kwawo kwa Idah ndi mlongo wake Laurenti, mwamuna wa Teresa, akuluakulu anali atagamula kale kuti mkazi wosatha kubereka mwana kumbuyo sangalere. Malowolo anaperekedwa, ndiye Brenda, wa chaka chimodzi, anali wa kuchimuna. Laurenti, munthu wolongolola za matipate pa bawo mpaka kukamwa kuuma, tsiku limeneli anangokhala pakhonde n'kumakonza wailesi yabwinobwino.

Teresa anabadwa ndi mfundo zolekera. Minyewa yomanga mafupa ake inali yotamuka ngati lasitiki wa kabudula wakale, moti phewa linkaguluka ngakhale poyanika zovala. Mayi wa fiziyo, wophunzitsa odwala zolimbitsa thupi ku chipatala cha Queens, anamuuza mosapsatira kuti matendawa alibe jakisoni. Anamupatsa chubu cha njinga choti azimanga pa chitsulo cha windo n'kumakoka pang'onopang'ono, chigongono chili m'nthiti, mpaka minofu italimba n'kumagwira fupa m'malo mwake. Amayi a pampopi ankati mutu wayamba kumusokonekera. Iye ankangokoka, atalumira mano, chifukwa ankaopa tsiku ngati limeneli.

Idah sanali wozungulira nkhani. Anati iye sanabwere kudzalanda mwana wa munthu, koma mwana wokulira pamphasa amamvetsa chisoni, ndipo anthu akuseka mtundu wawo. Kenako anavula nsalu yachikasu ya chipani imene anafunda n'kumuponyera.

"Berekani tione, alamu. Mukatha, ndibwerera ndekha."

Teresa anachita mantha. Mkazi aliyense amangowerama, kugwira mwana mkono n'kumuponyera kumsana, basi. Iye akanatero, phewa likanaguluka pomwepo. Anachita monga anamuphunzitsira kuchipatala. Anakhazika Brenda pabedi, anagwada momufulatira n'kumunyengerera kuti akwere. Mwanayo atamugwira m'khosi, Teresa anakoka nsonga za nsalu chapansipansi, zigongono osazichotsa m'nthiti.

Apo ndi pamene phewa lakumanja linayamba kuterera. Ankakudziwa bwino kutererako: fupa lafika m'mphepete, latsala pang'ono kutuluka. Anaima osapuma, n'kulimbitsa minofu yonse ya kumsana. Fupa linagwedera, kenako linakhazikika. Anamanga mfundo pachifuwa, anadzuka ndi mphamvu za miyendo, n'kuyenda mpaka pakhomo ndi kubwerera.

Koma wofuna chifukwa sachisowa. Idah anaseka, nati nyumba itagwira moto, mwana angapse mayi ake akadali chogwada. Anauza Teresa kuti atsitse mwanayo kuti amuonetse mmene akazi amachitira. Brenda atangokhala pabedi, Idah anawerama n'kumugwira mkono.

Dzanja la Teresa linatera pa mkono wa mlamu wake n'kufinya ndi mphamvu imene ngakhale mwini wake sankaidziwa.

"Musamukoke mkono."

Panali chinthu chimene Teresa anali asanauze munthu, ngakhale Laurenti, poopa kuti anena kuti wawononga mbewu yawo: Brenda anali atatengera mfundo za mayi ake. Tsopano panalibe pobisala. Anatenga chala chachikulu cha Brenda n'kuchipinda mofatsa mpaka chinakagona pamkono. Mwanayo anangoseka, kuyesa ndi masewera.

Idah anayang'ana chalacho nthawi yaitali. Teresa anadikira chipongwe, ali wokonzeka kumva kuti uku ndiye kulodza banja la eni. M'malo mwake anaona zala za mlamu wake zikumasuka pa mkono wa mwanayo, chimodzichimodzi.

"Kwathu ngakhale ana anzake amanyamula chokoka," anatero Idah, mawu ali pansi. "Angamugulule tsiku lomwelo." Anakhala pabedi n'kupukuta manja m'diresi. "Akhale konkuno. Koma ndionetseni pomugwira, alamu, ndisamupweteke pomutsanzika."