Dzanja la a Lumo

Lotolo linali limodzi lomwelo, ndipo linkabwera ngati kasitomala wokhulupirika. Ndanyamula kapu ya tiyi yodzaza mpaka kukamwa, ili pa kambale kake, ndikuyenda m'khonde lalitali la zitseko zambirimbiri. Kumapeto kuli munthu akudikira tiyiyo, koma nkhope yake sindikuiona. Kapu ikugwedera pa kambale, ine ndikunyang'ama, thukuta lili kamukamu, kuopa kutaya ngakhale dontho limodzi. Ndisanafike, ndadzuka. Zinatero miyezi itatu yathunthu, katatu kapena kanayi pa sabata.

Ine ndine wometa. Ndatha zaka makumi awiri ndi zisanu m'kachipinda ka mpando umodzi, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi benchi ya anthu anayi yomwe pamakhala anthu asanu ndi awiri. Anthu amanditcha a Lumo, chifukwa mumsewu wonse ndine ndekha amene ndimametabe ndevu ndi lumo lopinda, lonola pa lamba wachikopa. Ometa a masiku ano amangothamangitsa makina pankhope ya munthu ngati akutchetcha kapinga. Ine ndikakumetani, akazi anu amakuyang'anani kawiri n'kukufunsani kumene mwachokera.

Koma m'miyezi itatu yomweyo dzanja langa lamanja linali litayamba kunjenjemera. Sikuti kwambiri ayi. Likagwira makina palibe ankaona, poti makina amanjenjemera kale. Likagwira lumo ndi pamene ndinkalimva likuchita zake. Sindinauze munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Ndinene zoona, ndinkachita mantha. Ndani angapereke khosi lake kwa wometa wonjenjemera? Nkhani yoteroyo ikangotuluka, sabata siitha benchi yazizira, ndipo ine ntchito ina sindiidziwa.

Cholakwa changa chinali kufotokoza lotolo pa benchi. Tsiku lina ndinayasamula, wina n'kufunsa ngati sindinagone, ine pakamwa n'kutseguka. Ndinaiwala kuti pa benchi ya wometa aliyense ndi dokotala, loya komanso mneneri.

Oyamba anali Adalaivala, bambo woyendetsa basi amene amameta mpala Lachisanu lililonse ngakhale tsitsi linawathawa kalekale.

"Khonde lalitali limenelo ndi msewu," anatero. "Ulendo ukubwera, a Lumo. Konzani chikwama."

"Inu chilichonse ndi msewu," ndinawayankha. "Mutalota mbale mungati ndi chiwongolero."

Kenako panabwera Netiweki, wogulitsa mafoni akale pakhomo loyandikana ndi langa, munthu amene sangakuuzeni kuti kunja kukugwa mvula asanafunse foni. Anadinadina, n'kukweza chala.

"Apa akuti kulota tiyi ndi ukwati."

"Mkazi ndili naye kale."

"Ndiye ndi wachiwiri, akulu. Foni siinama."

Benchi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndisanafike kunyumba, nkhani inali itafika kale, yasamba n'kukhala pansi. Ndinapeza mayi a kunyumba akusita zovala, nkhope ili bwinobwino.

"Ndamva kuti mukukwatira," anatero osakweza mutu. "Mumuuziretu mnzangayo kuti mumaliza mkonono."

"Ndi maloto chabe, mayi."

"Ine ndikumasulireni kwaulere. Akukuuzani kuti muyambe kudzipangira nokha tiyi."

Mlamu wanga, amene amakonda zauzimu, anati kapu yodzaza ndi madalitso osefukira, koma anawonjezera kuti ndisamwenso tiyi kunyumba za anthu. Ndinamufunsa kuti nanga ndi madalitso kapena ndi chiphe, iye anati zonse ziwiri zimatheka.

Posakhalitsa loto langa linasanduka sewero la msewu wonse. Anthu ankasuzumira pakhomo m'mawa n'kufunsa kuti, "Lero mwafika pachitseko?" Ena ankabwera kudzameta tsitsi losakula n'komwe kuti angomva kumene zafika. Ine zinkandisangalatsa, chifukwa anthu akamayang'ana pakamwa pako sayang'ana dzanja lako. Ndinayamba kukokomeza. Tsiku lina ndinaikamo mphaka, tsiku lina masitepe. Za lumo ndinkazemba ndi mabodza: lero labuntha, mawa lamba waduka, mkuja sopo watha.

Munthu mmodzi yekha sakanazembeka. Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito amene anaphunzitsa masamu theka la anthu a pa benchiyo, amabwera Loweruka lililonse nthawi ya naini, ndipo makina safuna n'kuwaona komwe. Sopo amabwera ndi wawo. Lumo likabuntha amadikira ndilinole.

Loweruka limenelo benchi inali yodzaza, mkangano uli pakati, wofuna kudziwa ngati tiyi wa m'malotoyo anali wamkaka kapena ayi. Adalaivala ankati zimenezo zikusintha tanthauzo lonse. Aphunzitsi anakhala pampando, ndinawafunditsa nsalu, ndinawapaka thovu, iwo n'kutseka maso.

Ometa ndi lumo tili ndi kagwiridwe kathu. Bambo anga anandiphunzitsa kuti kachala kakang'ono kazitsamira pa tsaya la munthu, kuti dzanja likhale ndi pogwira pamene lumo likuyenda. Ndinatero monga mwa masiku onse. Tsaya lamanzere ndinalimaliza bwinobwino. Nditatsikira pansi pa chibwano, pafupi ndi kholingo, dzanja linayamba. Ndinaima, ndinapuma, ndinayesanso. Linakana.

"A Lumo," anatero Aphunzitsi chapansipansi, maso ali chitsekere. "Kapu ija imagwedera chifukwa chiyani?"

"Ndi maloto, aphunzitsi. Maloto alibe chifukwa."

"Onsewa akulimbana ndi tiyi, ena khonde, ena chitseko. Palibe wafunsa za dzanja lomwe lanyamula kapuyo." Anatsegula diso limodzi. "Kachala kanu kamakhala pa tsaya langa Loweruka lililonse. Mukuganiza kuti tsaya silimva?"

Ndinayang'ana pagalasi, n'kuona bambo wa imvi atagwira lumo m'mwamba ngati wagwidwa akuba.

"Kale ndinkagona tulo pampando uno," anapitiriza. "Miyezi itatu ino ndikatseka maso ndimakhala ndikupemphera."

"Bwanji simunanene?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndimadikira inuyo. Koma khosi ndi langa, a Lumo, ndipo ndili nalo limodzi lomweli."

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Munthu wamkulu ngati ameneyu, miyezi itatu kugoneka khosi pansi pa lumo langa akudziwa zonse, n'cholinga choti asandichititse manyazi! Ndipo ine uku ndikusangalatsa anthu ndi nkhani za mphaka. Ndinapukuta lumo pa thaulo, ndinalipinda, ndinaliika mu dilowa. Dilowayo inalira potseka, benchi yonse n'kuyang'ana kwa ine.

Ndinatembenuka. Ndinatambasula dzanja lamanja pamaso pawo n'kulisiya lichite zake.

"Loto lija ndi ili," ndinatero. "Linandiyamba miyezi itatu yapitayo. Kuyambira lero lumo sindigwiranso. Amene akufuna kupita kwina apite, sindimukwiyira."

Adalaivala anayang'ana pansi. Netiweki anayamba kupisa dzanja m'thumba pang'onopang'ono.

"Iwe, ukangoigwira foniyo ndikumeta mpala," ndinamuuza.

Wina anaseka mwangozi, enanso n'kutsatira, koma chinali chiseko chachifupi. Ndinabwerera kwa Aphunzitsi, ndinawapukuta thovu lotsala, ndinalumikiza makina kumagetsi. Iwo anawayang'ana makinawo monga mmene ankayang'anira mwana wolephera kuchulukitsa. Ndinawameta tsaya lamanja ndi pansi pa chibwano mosamala kuposa mmene ndinametera munthu aliyense, koma makina ndi makina basi. Mbali imodzi inali see, inayo ikukanda.

Anaimirira, anayandikira galasi, anasisita uku, anasisita uko.

"Zoipa zedi," anatero. "Chibadwire sindinametedwepo moipa chonchi."

"Pepani, aphunzitsi."

"Lolemba mupite kuchipatala, ndipo mutengane ndi mayi a kunyumba. Muwauze lero, asamvere kwa Netiweki." Anatenga sopo wawo, n'kumuyang'ana, n'kumubwezera pa shelefu yanga. "Ine ndibwera Loweruka. Naini koloko."

Anatuluka. Ndinakutumula nsalu, ndinasesa pansi pomwe panalibe chosesa, kuopa kuyang'ana ku benchi. Ndinkamvetsera mapazi, kuti ndiwerenge amene akutuluka. Ndinamva benchi ikulira, munthu akuimirira, kenako mpando wanga ukulira ndi kulemera kwa munthu wamkulu thupi.

Anali Adalaivala, amene ndinali nditawameta dzulo lake. Mutu wawo unali kunyezimira, wopanda ngakhale katsitsi kamodzi. Anadzikokera okha nsalu mpaka m'khosi n'kutsamira.

"Wotsatira ndine," anatero. "Fulumirani, a Lumo, anthu akudikira."