Chilombo Chomaliza cha Mayi Consolata

Amuna anga, a Vitus, sadziwa kunama, ndipo musaganize kuti ndikuwatama. Kukhala ndi munthu wotero m'nyumba ndi ntchito. Ukasoketsa diresi n'kuwafunsa kuti akuliona bwanji, amaliyang'anadi, kenako n'kukuuza kuti phewa lakumanzere lakwera. Ku bungwe la zaumoyo lomwe linatibweretsa kuno ku Nairobi amati ndi luso. Ine ndimati ndi kusowa ulemu, ngakhale apongozi anga anayesetsa.

Munthu yemweyu, ndi imvi zakezo, amasonkhanitsa tizidole. Iwo amati ndi tiziboliboli, ndipo ukati tizidole amakhumudwa ngati wawatukwana. Tili m'kabati yagalasi pabalaza pathu ku Lavington: fisi wa mapiko a kadzidzi, njoka ya nyanga zinayi, mkango wa mchira wa nsomba, ndi tina toti ine sindidziwa kumene kuli mutu. Amayi a kumphakati atabwera koyamba kudzapemphera kwathu, mmodzi anatembenuza mpando wake n'kukhala chofulatira kabatiyo mpaka pemphero lomaliza.

Tizilombo timeneti timachokera ku Umoja, dera lina la mumzinda uno, kwa mayi wina wa konkuno dzina lake Consolata. Mwana wawo Jean amaumba m'chikombole, mayiwo n'kumapenta pamanja, kamodzikamodzi, ndi kabulashi koonda ngati nsidze. Chilombo chilichonse amapanga makumi atatu okha, kalikonse ndi nambala yake komanso dzina la mayiwo kuphazi, akatero amaswa chikombole. Kuyambira pachiyambi ananena kuti banja lonse lidzakhala la zilombo khumi ndi ziwiri. A Vitus anali nazo khumi ndi chimodzi. Pakati pa shelefu anasiyapo malo, ndipo anali atalumikiza kale kababu kowalitsa pamalo opanda kanthupo. Madzulo akaweruka ankaima pamenepo, chikwama chidakali m'manja.

Chomaliza chinali chinjoka cha mapiko a gulugufe. Chinachedwa kwambiri. Tsiku lina Jean anaimba foni, koma anaimbira ine, osati iwo.

Anandiuza kuti maso a mayi ake ayamba kuchita chifunga chifukwa cha matenda a shuga. Tinjoka tonse makumi atatu anapenta ndithu, koma penti inkadumpha mizere. Apabanja onse ankangowauza kuti tili bwino. "Mumawadziwa amayi," anatero Jean. "Kanthu kolakwika satulutsa pakhomo. Akamva kuti sitili bwino, achotsa penti yonse, ndipo bulashi sadzaigwiranso. Ena onse ogula angolandira n'kuthokoza. Ndikuopa bambo a kwanuwo. Amayi akuti iwowo ndiwo ayambe kuona."

Ndinamvetsa mantha ake. A Vitus amapita kumeneko ndi galasi lokulitsira zinthu m'thumba, ndipo anabwezapo tizilombo chifukwa cha kadontho koti ine ndinkayesa fumbi. Ine ndinkachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi. Mayi Consolata ankangotenga kanthuko, n'kukayang'ana pawindo, n'kunena kuti akunena zoona.

Loweruka lake tinanyamuka. Pa Jogoo Road panali jamu ya magalimoto ya masiku onse, maminibasi omwe kuno amawatcha matatu akutipanikiza uku ndi uku, ndiye ndinapeza nthawi yokwanira yowalalikira.

"Bambo a Lily, lero lokha mungonena kuti zili bwino. Mawu awiri basi."

"Nanga ngati sizili bwino?"

"Kodi kwathu tikapita kukazonda wodwala timati bwanji? Timati mwaonda, mutisiya posachedwa? Timati mukuoneka bwino lero. Si bodza limenelo, ndi chifundo."

Anangoyang'ana kumbuyo kwa matatu yomwe inali patsogolo pathu.

"Ndiponso ganizani za kabati yanu ija," ndinawonjezera, podziwa pamene pamawapweteka. "Mukalankhula za chilungamo zanuzo, kanjoka simubwera nako. Chikombole anaswa kale. Kababu kanu kadzangowalitsa thabwa mpaka tidzabwerere ku Lilongwe."

"Ndikudziwa zimenezo, mayi a Lily," anayankha motsitsa mawu. Ndinaona kuti manja awo agwira chiwongolero mwamphamvu, ndipo ndinawamvera chisoni pang'ono.

Ku Umoja tinasiya galimoto pafupi ndi kagolosale, n'kukwera masitepe opapatiza, tikuwerama pansi pa zovala za anthu zoyanikidwa. Chipinda chogwiriramo ntchito chinkanunkha penti ndi tiyi wa mkaka. Patebulo lalitali, pafupi ndi windo, tinjoka tinali titandandalikidwa m'mizere, mapiko ali tambasu. Ukaima pakhomo tinali tokongola kwambiri, tobiriwira ndi golide. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinaganiza kuti mwina Jean anangokokomeza.

"Karibuni," anatero Mayi Consolata. Anatipatsa moni akuyang'ana pakati pa ine ndi amuna anga, pamene panalibe munthu. Kenako anapapasa patebulo, natola kanjoka koyamba, nakapereka kwa a Vitus ndi manja awiri.

Galasi lija silinatuluke n'komwe m'thumba. Panalibe chifukwa. Ngakhale ine ndinaona kuti diso limodzi la kanjokako latsikira patsaya, ndipo golide wa m'mphepete mwa phiko wakwera pamsana ngati dzira losweka. Ndinafulumira kunena kuti ndi kokongola zedi, ndipo Jean anavomereza mokweza kuposa mmene zinafunikira.

Mayiwo anatembenukira kwa a Vitus. Anadikira.

A Vitus anakatembenuza, nayang'ana nambala kuphazi, nakasisita pamutu ndi chala chachikulu. Sindinawaonepo akufuna chinthu ngati mmene ankafunira kameneko. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo.

"Bwana Vitus," anatero Mayi Consolata, "m'nyumba muno aliyense amandikonda, ndiye palibe amene ndingamufunse. Ine ndikayang'ana ndimangoona mitundu ikusambira. Sema ukweli, nenani zoona. Kali bwanji?"

Kunja kondakitala wina ankaitanira anthu opita m'tauni. Jean anayang'ana pansi.

"Mitundu mwasankha bwino kuposa zonse zija, mama," anatero a Vitus. "Koma dzanja lapita kumene maso sanalitume. Diso ili lili patsaya. Golide watuluka m'mizere. Si ntchito yomwe inu mukanaitulutsa pakhomo."

Ndinapsa mtima kwambiri moti makutu anga anatentha. Ndinkafuna kuwakoka malaya n'kutsika nawo masitepe aja. Mayi wachikulire, wodwala, m'nyumba yake yomwe, pamaso pa mwana wake.

"Kameneka kokha?" anafunsa mayiwo.

A Vitus anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa tebulo, akuwerama pa mzere uliwonse. Anatenga nthawi, ngati kuti akufunafuna kamodzi koti kawapulumutse.

"Tonse, mama."

Mayi Consolata anakhala pampando wawo wopentera. Sanalire. Anapukuta manja pa epuloni, ngakhale anali ouma, kenako anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Nkhope yawo inamasuka, ndipo pamenepo mkwiyo wanga unasowa pogwira. Ndinazindikira kuti mayiwa ankadziwa kale. Chomwe chinkawazunza chinali kukhala pakati pa anthu omwetulira, osadziwa ngati ndi maso awo akuwanamiza kapena ndi ana awo. Ine ndinabwera kudzawonjezera kumwetulira kwina, ndipo ndinkakutcha chifundo. Mpaka lero sindinganene kuti kwathu timalakwa tikamazonda odwala mwa njira yathu ija. Koma mayi awa sanatiitanire kudzawazonda.

"Jean, bweretsa beseni ndi mankhwala aja," anatero.

"Amayi, anthu akudikira. Sadzaona n'komwe."

"Dzina langa lili kuphazi kwa kalikonse. Bweretsa beseni."

Jean anabweretsa, misozi ili m'maso, nathira mankhwala ochotsera penti. Fungo lake linatilowa m'mphuno. Mayiwo anatambasula dzanja cha kumene ankaganiza kuti a Vitus aima. Analambalala pang'ono, ndipo dzanjalo linangokhala m'malere.

Amuna anga anali adakagwirabe kanjoka kawo. Ndinaganiza kuti apempha kuti akagule momwemo, ndipo ndikanawathandiza kupempha. Anakayang'ana kanthawi, kenako anasuntha n'kukaika m'dzanja lija. Mayiwo anakamiza. Madzi anasanduka obiriwira, golide akuyandama pamwamba ngati mafuta.

Mayi Consolata anatenga mswachi wakale nayamba kukwecha, koma ankakwecha pamodzimodzi, kwina osafikako. A Vitus anavula wotchi n'kundipatsa ine. Anapinda manja a malaya awo oyera, nakoka mpando, natenga mswachi wina. Ine ndi Jean tinkawapatsira tinjoka kuchokera patebulo.

Patapita kanthawi Mayi Consolata anatulutsa kanjoka koyamba kaja m'beseni, kali mbuu ngati sopo, madzi akudontha m'chigongono. Anakatembenuzira kuwindo mwa chizolowezi, kenako anakalozetsa kwa amuna anga.

"Kayera?"

"Ayi, mama," anatero a Vitus. "Pansi pa phiko patsala penti."

Mayiwo anakabwezera m'madzi napitiriza kukwecha.