Ndodo ya Chiphaliwali

Buku latsopano lazithunzi la Chiphaliwali litangofika pa basi ya ku Lusaka, anyamata a pa siteshoni ya Dambwa anayamba kulilimbirana ngati nyama yaulere. Chabota, wokonza mafoni pafupi pomwepo, ankangomva mfuu ndi malikhweru.

Chiphaliwali anali munthu wake. Ngwazi ya m'nkhaniyo inali yopuwala mwendo ngati iyeyo, ndipo inkagwetsa zigawenga ndi ndodo yake yoyendera yachikasu. N'chifukwa chake Chabota anapaka ndodo yake penti wachikasu, naleka kuibisa pansi pa tebulo.

"Ba Chabota, onani!" anafuula Kasonde, kondakitala, akumutambasulira tsamba lomaliza. "Munthu wanu wapola! Athamanga manje!"

Zinalidi choncho. Chiphaliwali anaima ndi miyendo yonse iwiri pamwamba pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, akuseka, ndodo ikugwera kuphompho.

"Nanga simukondwa?" anafunsa Kasonde.

Chabota anayang'anitsitsa kandodo kaja kakuzimirira m'nthunzi ya madzi. 

"Ni zabwino," anatero, nabweza bukulo.

Kasonde atathamangira minibasi yake, Chabota anakankhira ndodo yachikasu ija pansi pa tebulo, pomwe makasitomala sangaione.