Disiketi ya Sydney

Sydney Mbewe anagulitsa munda wa bambo ake kuti agule kompyuta. Tonse ku Malama tinamuletsa, koma munthu akalawako Lusaka makutu amagontha. Hosea, yemwe anagula mundawo, anamuchitirako chifundo: anati akafuna kuuwombola, abwere mvula isanagwe.

Pulogalamu imene Sydney analemba inali yabwino, izo sindingakane. Inkasunga mayina a alendo a pa loji, masiku awo ndi zipinda zawo. Chaka chimenecho, 1997, kampani ina ya ku Lusaka inkasungira maloji zomwezo pa makina ake. Maloji ankatumiza mayina pa wailesi n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Sydney zinkamunyansa.

"Munthu agule kamodzi, chikhale chake ngati njinga," ankatero. "Wailesi ikafa, alendo agona pati?"

Loji ya ku Chinzombo inagula. Kalaliki wa kumeneko anali mlamu wake Yotam, mlongo wa mkazi wake Fridah. Sydney anamusiyira disiketi kuti makina akadzavuta aikemonso pulogalamuyo. Ankati maloji enawo akagulanso, munda ubwerera.

Mu Okutobala anapalasa njinga mpaka ku Nsefu kukatsatsa pulogalamuyo, dzuwa likuswa mtengo. Manijala wa loji ya kumeneko, mayi Jacinta, anamulandira ndi manja awiri.

"Mwaswera bwanji, bambo Mbewe? Ndinu a dzina limatuluka pa kompyuta yathu lija? Mulungu wakutumani. Kuyambira Monday ikukana kusindikiza."

Sydney anayang'ana. Dzina lake linali pomwepo, m'zilembo zobiriwira.

"Pulogalamuyi mwaitenga kuti, mayi?"

"A Yotam anatibwereketsa disiketi. Nafe tinapatsirako anzathu a kutsidya."

Kuno kuchigwa munthu samana mnzake moto, mchere kapena pampu ya njinga. Womana timamunena mpaka pamaliro ake. Sydney anakulira momwemo, koma sanaganize kuti disiketi nayo ingayende khomo ndi khomo. Mtima unamuwawa kwambiri. Komabe anakhala pansi n'kukonza makinawo, chifukwa kukana kukanakhala mwano. Anamupatsa tiyi ndi mabisiketi.

Atafika kwa Yotam, anamupeza akumwetulira.

"Alamu, mwakwiyiranji? Disiketi yanu nayi, anabweza, sinakandike n'komwe. Chakuchepetsani n'chiyani? Ndakutchukitsani chigwa chonse!"

Ukamusumira kuti mlamu wako? Ndipo ukanena kuti waba chiyani, chinthu chili m'manja mwako? Sydney anayendera maloji otsalawo. Kulikonse anapeza dzina lake litafika kale, ndipo kulikonse anamupempha kuti awakonzereko kena kake. Loji imodzi yokha inalibe, koma inati ikukhutira ndi a ku Lusaka, amene mwezi ndi mwezi ankangokolola osatuluka thukuta.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Maloji anatseka, misewu inasanduka phala. M'mawa wina Sydney ali pakhonde, disiketi ili m'thumba la malaya, Fridah anatuluka ndi khasu paphewa.

"Ukupita kuti ndi khasu, ife munda tilibe?"

"Kwa a Hosea. Akufuna aganyu obzala thonje."

"M'munda wa bambo anga?"

"Ufa watha, a Mbewe," anatero Fridah, osamuyang'ana. "Ndipo anena kuti mukafuna mubwere nanunso, poti malire ake mumawadziwa bwino."

Sydney anaimirira. Kenako analowa m'nyumba kukafuna khasu lina.