A Ngalande Asankha Matope

A Ngalande anagwira ntchito yotsegula mipaipi ya zonyansa ku khonsolo ya mzinda zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Atapuma pa ntchito, anzawo anawapatsa wotchi ya pakhoma. Koma mwana wawo wamkazi, namwino amene amagwira ntchito kunja, anawapatsa mphatso yomwe inasokoneza nyumba: maphunziro a kubira pansi pa madzi ndi botolo la mpweya kumsana, kenako sabata yathunthu ku nyanja yamchere, iwo ndi akazi awo.

Maphunzirowo anachitikira pa dziwe losambira la hotela ina, ndipo sanawavute. Munthu wozolowera kutsika m'dzenje lamdima atavala chophimba kumaso sangaope dziwe la matailosi. Mlangizi ankangodandaula chinthu chimodzi. Ophunzira ena akamasambira, mkuluyu ankapezeka atagwada pansi pa dziwe, akusuzumira kabowo kotulutsira madzi.

Chinatsala ndi kusankha kopita. Lachiwiri m'mawa anapita ndi akazi awo ku ofesi ya maulendo, kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya matayala, komwe fani inkazungulira ngati yakakamizidwa. Mayi wa pa ofesiyo anayala timabuku tiwiri patebulo.

"Uku ndi ku chilumba cha matanthwe," anatero. "Madzi ake ndi oyera mbee, mumaona patali ngati muli pamsewu. Matanthwe amawangamawanga, nsomba zachikasu, zofiira, akamba. Ambiri amapita kumeneku."

"Basi talembani," anatero akazi a Ngalande.

"Nanga aka?" anafunsa a Ngalande, ataloza kabuku kachiwiri.

"Uku ndi kwa anthu okonda matope. Pansi pake ndi mchenga wakuda, zinyalala, mabotolo, matayala akale. Mumagona chafufumimba n'kumayang'ana malo amodzi mpaka kachilombo katuluke."

"Ndiye anthu amakwera ndege kupita kumeneko?"

"Ena amachita kulembetsa kudakali chaka, bambo."

A Ngalande anatsegula kabukuko. Pa tsamba loyamba panali azungu atatu atagona m'matope, maso tong'o, akujambula chitini chadzimbiri. Zaka zonse zija anthu ankatseka mphuno iwo akamadutsa, osadziwa kuti kwina anthu ophunzira amaimirira pamzere kufuna zomwezo.

"Tikaganize kaye," anatero.

M'minibasi akazi awo anasunga mawu onse mpaka atatseka chitseko cha kunyumba.

"Inu abambo ake, ine ndachapa maovololo anu mpaka zala zanga zinaiwala fungo la sopo. Lero mwana watipatsa mwayi woti tijambulitse penapake poyera, inu mukufuna mubwerere kuntchito? Anzanga ndikawaonetsa chithunzi chanji? Cha chitini?"

"Poyera palibe choona, mayi. Ukayang'ana kamodzi, waona zonse."

"Nanga m'matope mumaona chiyani?"

"M'matope umadikira."

Masiku anayi anatha timabukuto tikusinthana malo. A Ngalande akaika ka matope pamwamba pa wailesi, ankakapeza pansi pa mwendo wogwedera wa tebulo. Mwana wawo atamuimbira foni anati, "Ine ndangopereka mphatso, sindine woweruza," n'kudula.

Loweruka kunabwera mlamu wawo, mng'ono wake wa mayiwo, mphunzitsi wa sitandade sikisi amene sankakhulupirira chilichonse chosayesedwa mayeso. Atamva mbali zonse ziwiri, anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Alamu, apa pakufunika mayeso. Achemwali, ndipatseni mabeseni awiri."

Anawaika pakhonde. M'beseni loyamba anathira madzi oyera, n'kuponyamo masupuni, mapegi ofiira ndi achikasu, ndi maluwa apulasitiki a pabalaza. Lachiwiri analidzaza ndi matope amene anakumba yekha kuseri kwa khitchini, pomwe madzi otsukira mbale amathera, n'kuthira madzi pamwamba.

"Muviike nkhope m'beseni lililonse. Komwe mukhalitse ndiye komwe mtima wanu uli. Osaonera."

"Ndionera kwa ndani, mlamu?"

"Ndi lamulo chabe."

A Ngalande anavala magalasi a m'madzi ndi paipi yopumira, anagwada, n'kuviika nkhope m'beseni loyera. Anayesetsa ndithu, chifukwa akazi awo anali ataima pambali, manja m'chiuno. Anayang'ana pegi yofiira. Anayang'ana yachikasu. Anabwereranso ku yofiira. Khosi linayamba kuwawa, ndipo anadzuka.

"Masekondi makumi anayi," anatero mphunzitsi, akulemba kuseri kwa kalendala.

M'beseni lachiwiri munali mdima wa bii. A Ngalande anapuma pang'onopang'ono, monga ankachitira m'dzenje, kudikira kuti matope akhazikike. Kenaka zinthu zinayamba kuoneka. Kanyongolotsi kofiira kanatuluka, kanaganiza, kanabwerera. Kachilombo kena kanadutsa katasenza njere ya mpunga, kakuyenda ngati kachedwa ku msonkhano. Mapewa awo anamasuka. Mawu a pakhonde anapita kutali.

Patatha mphindi makumi awiri, anthu oyandikana nawo anali atadzaza pa mpanda. Ankaona bambo wamkulu atagwada, mutu m'beseni, paipi ikulira fyoo, fyoo. Mayi wina anafunsa ngati ndi matenda kapena mpingo watsopano.

"Ndi mayeso," anayankha mphunzitsi. "Chete."

Ola litakwana, akazi awo anawakoka kolala. A Ngalande anavuuka, matope ali chuchuchu, atapana kanthu konyezimira pakati pa zala ziwiri.

"Izi n'za ndani?"

Inali ndolo yagolide. Akazi awo anaiyang'ana, kenako anayang'ana pansi. Mphunzitsi anatseka cholembera chake mwapang'onopang'ono.

"Achemwali, ndolo iyi si ija munati ndinatenga ine?"

"Sindinanene kuti unatenga. Ndinati inasowa iwe utabwera."

"Zaka zinayi! Ndikabwera kuno mumakiya chipinda chogona. Ndikapita kuchimbudzi mumandiperekeza!"

Zinatenga madzulo onse. Panali kulira, kenako kukumbutsana za diresi ina ya ali atsikana, kenako kuliranso, mpaka anakumbatirana. A Ngalande anakhala pambali ndi thaulo pakhosi, akuyang'ana beseni lawo mwachisoni chifukwa wina anali atalikankha ndi phazi n'kuvundula zonse.

Lolemba akazi awo anapita okha ku ofesi ya maulendo n'kulembetsa ku matope.

Mbiri inali itafalikira kale. Anthu anaganiza motere: madzi otsukira mbale amapita m'ngalande, ngalande imapita kumtsinje, mtsinje umapita kunyanja. Choncho chilichonse chomwe chinasowa mumsewu wawo chili kumene mkuluyu akupita. Anayamba kubwera m'modzim'modzi. Telala anataya sizasi. Wometa anataya makiyi a njinga yamoto. Mkulu wina wopuma ku njanji anataya mano oikirira, apansi okha. Akazi a Ngalande analemba zonse m'kope, n'kumafunsa mtundu ndi chaka.

"Mayi, nyanja ndi yaikulu," anadandaula a Ngalande.

"Muli ndi sabata yathunthu."

Kunyanjako anapeza zonse monga kabuku kananenera. Tsiku loyamba wowatsogolera, mayi wamfupi wosalankhulalankhula, anawalozera nsomba yoyenda ndi miyendo ngati chule, ndi nkhanu yovala udzu kumsana. Tsiku lachiwiri a Ngalande ndi amene ankalozera wotsogolerayo. Pofika lachitatu, alendo a makamera aakulu ankangowatsata pambuyo ngati anapiye, chifukwa mkuluyu akagona penapake, pasanathe nthawi china chake chinkatuluka. Vuto linachitika kamodzi kokha. Dzanja lozolowera linatola botolo kuti likataye, ndipo m'botolomo munatuluka mwini wake, kanyama ka miyendo isanu ndi itatu, kanawalavulira inki kumaso. Wotsogolera anawalembera pa kabolodi kake kuti: MUSAKONZE CHILICHONSE.

Akazi awo ankakhala m'boti ndi ambulera ndi kope lija. A Ngalande akangovuuka, funso linali limodzi.

"Sizasi?"

"Ayi. Koma ndaona nsomba yonga tsamba louma."

"Tsamba louma palibe analitaya."

Tsiku lomaliza, chikumbumtima chinawagwira a Ngalande, ndipo anatuluka ndi patapata imodzi yobiriwira yomwe anaonetsetsa kuti mulibe wokhalamo. Atabwerera kwawo, anthu asanu anaizindikira kuti ndi yawo. Anakangana pa geti mpaka mphepo ya madzulo inayamba kuzizira, ndipo pomaliza anagwirizana kuti aliyense aiyese. Inakwana wometa, amene sanataye patapata m'moyo wake, koma anaitenga poyembekezera makiyi ake. Anapita akutsimphina, nsapato kumanja, patapata kumanzere, ndipo ali pa ngodya anatembenuka n'kufuula kuti chaka chamawa akayang'ane inzake.